Maburashi Owiritsa a Mayi Qiu

Zaka makumi atatu ndi chimodzi Mayi Qiu Suzhen anazithera m'chipinda chapansi pa chipatala china mumzinda wa Huzhou, akuwiritsa malumo, masingano ndi mbale za madokotala. Iwo atapuma pantchito, khalidwe lija silinapume. Timitengo todyera ankatiwiritsa, makiyi ankawapukuta ndi sipiriti, ndipo malemu amuna awo ankadandaula kuti m'nyumba mwawomwawo amalowa ngati wodwala.

Nyumba itayamba kuwakulira, anakalembetsa kalasi yojambula ndi utoto wamadzi kuholo ya okalamba ya m'dera lawo. Mpando unali utatsala umodzi, ndipo ankaufunanso Mayi Luo a khomo loyandikana nalo, omwe sankamwerana nawo madzi chikanganirane za chingwe choyanikapo zovala. Aphunzitsi a Shen anaudula mwachidule mlanduwo, akuyang'ana Mayi Qiu.

"Mwayamba kufika ndinu, achemwali. Lolemba m'mawa mubwere ndi zida zonse zili papepalapa. Mukabwera chimanjamanja, mpando ndi wa a Luo."

Loweruka Mayi Qiu analunjika kusitolo ya Madala Pan, ogulitsa zida zojambulira, kuseri kwa msika wa nsomba. M'katimo munkanunkha guluu, fodya ndi mphaka.

"Pepala mukufuna laliwisi kapena lopaka mankhwala?" anafunsa Pan.

"Aphunzitsi alemba laliwisi."

Mkuluyo anasolola pepala pamulu, n'kulinyambita pangodya. Lilime lake linali lachikasu ndi tiyi, long'aluka ngati chidendene.

"Ili ayi, lawawasa. Silingamwe madzi ili." Analibwezera pamulu pomwepo, lonyowa choncho, n'kusolola lina. "Ehee! Ili lakakamira lilime. Laliwisi ndi limeneli."

"Kodi madala inu, mwanyambita mapepala angati muno?"

"Onse, mayi. Nanga n'kudziwa bwanji? Bambo anga ananyambita mpaka zaka makumi asanu ndi anayi, osatsokomolako n'kamodzi komwe."

Kenaka anafika pa maburashi. Burashi yatsopano imabwera youma gwa ndi guluu, ndiye Pan ankailuma kunsonga kuti ifewe, n'kuizunguza pakati pa milomo, n'kuitulutsa ikunyezimira malovu.

"Taonani nsonga iyo! Ubweya wa mbuzi weniweni uwu, osati zapulasitiki zanu zija."

"Ndipatseni yosalawa."

"Yosalawa ndimagulitsa kwa alendo odzaona malo. Inu ndinu athu, sindingakuchiteni chipongwe chotero."

Mayi Qiu analandira katunduyo m'majumbo atatu, lina m'kati mwa linzake. Kunyumba anadula ngodya zonse za mapepala ndi lumo. Maburashi anagona pakhonde. Lamulungu anachita zomwe manja awo ankadziwa: mphika pamoto, madzi abwate, mphindi makumi awiri.

Khitchini yonse inanunkha mbuzi yonyowa. Atavundukula, ubweya unali yandeyande pamwamba ngati m'beseni la ometa, guluu atasungunuka n'kusanduka thovu lotuwa. Pansi panali tinsungwi titatu tadazi, kamodzi katang'ambika pakati. Anathamangira kwa Pan, koma anapeza chitseko chotseka ndi kapepala koti wapita kuukwati kumudzi.

Lolemba anakapeza Mayi Luo ataima kale pakhomo la kalasi, chikwama chili m'khwapa. Aphunzitsi a Shen anatembenuza tinsungwi tija m'manja, osamvetsa.

"Munatani nawo maburashiwa?"

"Ndinawawiritsa."

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. "Mwaphika msuzi wa mbuzi osatiitana, achemwali?" anakuwa mkulu wina wa kumbuyo.

"Basi, basi," anatero a Shen akupukuta misozi. "Sindingakuthamangitseni chifukwa cha ukhondo. Sabata ino mubwereke yanga."

Anaviika burashi yawo m'madzi obiriwira, n'kuidutsitsa pamilomo kuti isongoke, n'kuwapatsira. Kaulusi ka malovu kanatsatira burashiyo n'kudukira m'malere. Ndi pamene Mayi Qiu anayang'ana bwino m'chipindamo. Anthu makumi awiri, agogo a anthu, aliyense burashi kukamwa. Wina milomo yabuluu, wina mano ofiira, wina ndevu zikudontha zakuda.

Mpando unali apo, pafupi ndi windo, padzuwa. Ankaufuna. Kunyumba kunalibe wowayankha koma wailesi. Dzanja linanyamuka, linafika pakatikati, ndipo anaona timalovu tikuphulika kunsonga kwa ubweya.

"Zikomo, aphunzitsi," anatero, n'kubweza dzanja m'thumba.

Pakhomo anapatukira Mayi Luo. "Lowani, anzanga. Mukadye bwino."

Masiku ano Mayi Qiu amajambula okha patebulo la kukhitchini, ndi maburashi a nayiloni a m'sitolo yaikulu, omata m'pulasitiki. Nsomba zawo zimaoneka ngati masilipasi, ndipo palibe wowauza pomwe akulakwitsa. Mayi Luo anamata pachitseko chawo chithunzi cha maluwa chomwe anajambula kukalasi kuja, chokongola ndithu. Mayi Qiu akamadutsa amakanikiza chigongono kunthiti kuti malaya asachikhudze.