Masamba a ku China ndi pakamwa panga

Dzulo pamsika wa ku Cuamba ndinafikisa tsamba lina m'manja, ndipo fungo lake linandibwezera ku Mandimba, chaka chimene tinabwerako ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo.

Nthawi imeneyo chipatala chinali chisanafoleredwe. Kuseri kwa chisakasa chathu amayi anabzala kambewu kamene sisitere wina anawapatsa. Masamba ake anali ong'ambikang'ambika ngati a karoti, onunkhira bwino koma owawa koopsa. "Aka n'ka ku China," ankatero amayi. "Kumeneko anayamba kalekale kumwa thupi likatentha."

Malungo atandigwira, amayi anawiritsa masamba aja kuti ndimwe, koma achimwene anga a Saide anandinong'oneza kuti, "Ukangomwa, mawa udzuka ukuyankhula Chitchaina. Amayi sazikumvanso. Ukapempha chinangwa azikupatsa sopo."

Ndinaluma mano. Amayi ananyengerera mpaka kutopa, kenako ananditsina mphuno, madzi obiriwirawo n'kutsika.

M'mawa thupi linali litazizirako, koma ndinatseka pakamwa kuti Chitchainacho chisatuluke. Amayi anandigwedeza. "Amina, yankhula mwanangu! Ukundimva?" Ine duu. A Saide anali pakhomo, akudziluma chala kuti asaseke.

Njala itakula ndinayesa pang'onopang'ono: "Chi... chinangwa."

Chinatuluka Chinyanja chenicheni! Amayi anangokhala pansi n'kuyamba kulira, ine n'kumati akondwa kuti sindinasanduke Mtchaina. Nditafotokoza zonse, a Saide anathamangitsidwa ndi tsache mpaka kumsewu.

Ndinadzamva nditakula kuti mng'ono wanga amene tinamusiya m'manda ku Malawi anayambanso choncho, kusiya kuyankhula.