Fuko wa adada

Sukulu ndinasiyira fomu 2, matipate atangolowa kumene. Anthu ankati zinthu zisintha. Kwathu ku Chisenga zinasintha ndi nsalu za zipani basi. Ine ndinkangolima chinangwa n'kumakumba mbewa.

Adada anali m'chipatala pa Boma, chifuwa chikuwamaliza, chakudya chikuwakana. Amalume atapita kukawaona anabwera ndi uthenga: akuwatulutsa posachedwa, ndipo adadawo akulakalaka nyama ya fuko, kanyama kaja kofukula pansi n'kumadya mizu, yatsopano, osati yowamba.

Munali mu Okutobala. Ndinakumba m'munda mpaka manja kutuluka matuza. Pamwamba dothi linkawotcha phazi, koma mkono ukalowa mu una unkakumana ndi mpweya wozizira, wonyowa. Fuko moyo wake ndi womwewo. Madzi samwa, amadalira mizu ndi chinyezi cha pansi. Mukamuika pouma ndi potentha, amauma akupuma.

Ndinamugwira wamoyo, wonenepa. Kupha sindikanapha, nyama ikanawola adada asanafike. Ndinamuika m'ndowa ndi dothi lonyowa la mu una mwake, chinangwa pang'ono, thumba lonyowa pamwamba, n'kukankhira pansi pa nkhokwe.

Mawa lake masana ndikuchokera kumunda ndinapeza ndowa ili ndi madzi, zofunda zili pachingwe. Fuko anali m'chitini cha penti pakhonde, dzuwa likumumenya.

"Amama, dothi lija mwataya?"

"Ndowa ndi imodzi pano, iwe. Ukufuna adada ako adzagone pa zofunda zakuda chifukwa cha khoswe?"

"Si khoswe!"

"Kaya ndi bwana. Madzi ndamuikira pa chivundikiro. Ngati sakumwa, ndi mwano wake."

Madziwo analipodi, osakhudzidwa. Fuko anali atafa kale, mimba itatupa, ntchentche zili pamano. Ndinamununkhiza, n'kumuponyera galu. Amama sindinawakalipire. Mjigo unali utafa, madziwo anakatunga kumtsinje kutali, ndiye ndikanati chiyani?

Adada anafika pa njinga ya amalume, atatha ngati bango. Asanakhale n'komwe pansi anandiyang'ana.

"Wamupeza?"

Ndinawauza zonse. Anagwedeza mutu.

"Yewo, mwana wane. Ukumbenso."

Ndinakumba ndithu, m'munda mwathu ndi m'minda ya eni ake momwe, koma mafuko anali atatsikira pansi penipeni kutsata chinyezi, kumene khasu silifika. Amakweranso mvula ikagwa. Mvulayo adada sanaione.