Masheya si chimanga cha mu Meyi

Lachisanu lapitali mlongo wanga Felesiya anandifulasha ndili pamzere wogula mafuta kuno ku Chileka. Felesiya safulasha pachabe, ndiye ndinamuimbira pomwepo.

"Achimwene, mawa mubwere kuno ku Lirangwe. Alamu anuwa akufuna kukataya mpamba wonse."

"Kukataya bwanji?"

"Akuti akagule masheya m'tauni. Ndayankhula mpaka pakamwa pauma. Ine zandikulira."

Kuti mumvetse chimene chinandidzidzimutsa, alamu angawo, a Malunga, ndi venda wa chimanga. Chaka chilichonse anthu akakolola, iwo amagula chimanga chotchipa kwa alimi a ku Chigaru ndi ku Mdeka, n'kuthira mankhwala, n'kusanja matumba m'chipinda. Ikafika Januwale kapena Febuluwale amatsegula chitseko, ndipo ogula amabwera okha. Mpamba umenewo ndi umene umadyetsa nyumba yonse. Ndi umenenso ukusunga mwana wawo Tadala ku sekondale yogonera komweko. Palibe malipiro a mwezi pakhomopo, palibe penshoni. Mpamba ukapita, zonse zapita.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi. Ndinawapeza alamu atakhala pakhonde, atavala shati yopita nayo kutchalitchi, foni ili m'manja. Felesiya anakhala pamkeka chapatali, akusankha nyemba zimene ndikukhulupirira kuti anali atasankha kale. Moni tinapatsana wamfupi kwambiri.

"Ndikudziwa chimene akuitanirani," anatero alamu. "Koma musanandiweruze, taonani kaye apa."

Pafonipo panali chithunzi cha mizere iwiri. Wina wokhotakhota ngati njira ya mbuzi, wina wosalala, wodutsa pamwamba pake. Anati ndi masheya a kakampani kena kakang'ono ka pamsika wathu wa masheya. Dzina sinditchula, chifukwa nkhani yanga sili pa kampaniyo.

"Wokhotakhotawu ndi mtengo wa tsiku ndi tsiku. Wosalalawu ndi avereji ya masiku mazana awiri. Mukuona? Mtengo uli pansi pa avereji. Ndiye kuti katunduyu watchipa. Alamu, ameneyu ndi Meyi wa masheya. Wanzeru amagula pano, n'kudikira Febuluwale."

Anayankhula monyadira, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa nzeru imene ankagwiritsa ntchitoyo ndi imene yawalerera ana. Kungoti anaitengera kumunda kolakwika.

Inu amene simunauonepo mzere umenewu, si zamatsenga ayi. Amatenga mitengo imene masheya akhala akutsekera tsiku lililonse m'masiku mazana awiri apitawo, n'kupeza pakatikati pake. Mawa tsiku lakale kwambiri limachotsedwa, latsopano n'kulowa, n'chifukwa chake mzerewo umasuntha. Basi. Umakuuzani kumene mtengo wadutsa. Za kumene ukulowera, mzerewo sudziwa kanthu, ngati mmene inu ndi ine sitikudziwira.

Ndinawafunsa alamu kuti nzeru zimenezi anazitenga kuti. Anati pagulu lina la pafoni, kumene kuli mkulu wina wodzitcha mphunzitsi wa chuma. Nkhope yake sanaionepo.

"Chabwino," ndinatero. "Tandiuzani, chimanga chimakwera mtengo mu Febuluwale chifukwa chiyani?"

"Funso lake limenelo? Anthu amakhala alibe chakudya."

"Eya. Njala siphonya. Munthu amagula, afune asafune. Nanga ndani amene adzagone ndi njala chifukwa choti alibe masheya a kampani imeneyi? Febuluwale wake adzachokera kuti?"

Anati mtengo umabwerera ku avereji nthawi zonse, aphunzitsi aja anatero.

Nthawi zonse? Bodza lenileni! Inde, nthawi zina mtengo umakwera kukaupeza mzere uja. Koma nthawi zina mtengo umangokhala pansi pomwepo, miyezi n'kumapita, ndipo mzerewo ndi umene umatsika kudzaupeza. Pachithunzi zimaoneka ngati akumana, koma ndalama zanu sizinabwerere. Ndinawaonetsa pafoni yawo yomweyo kuti mzere wosalalawo unali utayamba kale kuweramira pansi. Amalonda ambiri akaona zotere amati n'chenjezo, osati kuitanira malonda.

Ndinawakumbutsanso za nandolo. Tonse kuno tikukumbukira chaka chimene mtengo wake unagwa anthu atalima wambiri. Ambiri anakana kugulitsa, ati mtengo wa chaka chatha ubwerera. Anadikira mpaka nandolo anafumbwa m'matumba. Mtengo wakale sunali lonjezo la munthu aliyense.

"Ndiye mukuti masheya onse ndi oipa?" anafunsa, mawu atayamba kukwera.

Ayi, sindinatero, ndipo sindikutero pano. Chinthu chikhoza kutsika mtengo chili chabwinobwino, anthu atangochita mantha. Chikhozanso kutsika chifukwa chawola m'kati. Mzere sungakusiyanitsireni ziwirizi. Chimene chingakuuzeni ndi kampaniyo. Ikugulitsa chiyani, ndipo anthu akugulabe? Chaka chatha inapeza phindu kapena inaluza? Ngongole zake zikukula? Katundu wake amafuna ndalama zakunja zimene zikusowazi? Eni masheya inawagawira kangachepe komaliza liti? Zonsezi kampani za pamsika zimalengeza poyera, aliyense akhoza kuwerenga.

Mafunsowa ndinawafunsa alamu, ndipo zinaoneka kuti za kampaniyo sanawerengepo kanthu. Munthu amene sagula ndowa ya chimanga asanapise dzanja mpaka pansi, asanalume njere kuti amve ngati chauma, anali wokonzeka kupereka mpamba wonse pa chinthu chimene sanachipisepo dzanja.

Koma chimene chinandiopsa kwambiri chinali m'munsi mwa chithunzicho. Kumeneko kumakhala timizere toimirira tosonyeza kuchuluka kwa masheya amene agulidwa pa tsiku. Masiku ambiri panali mbee, popanda kanthu. Ndi mmene timakampani tating'ono timakhalira. Kulowa n'kosavuta, kutuluka ndiye nkhani.

"Alamu, fizi ya Tadala ikafunika mu Seputembala, mudzagulitsa kwa ndani? Chimanga mumatsegula chitseko, wogula n'kubwera. Apa mukhoza kuima sabata ndi sabata, wogula osaoneka, mpaka mutatsitsa mtengo nokha. Gulani chimanga monga mwa masiku onse. Kotsalako, kamene mungathe kukaiwala zaka zingapo, ndiko mukayesere masheya, mutawerenga kaye."

Felesiya analowerera osadzutsa mutu. "Ndi zimene ndakhala ndikunena ine."

Mawu amenewo ndi amene anayatsa moto. Alamu anaimirira.

"Mwandipangira upo eti? Alamu, tandiuzani chinthu chimodzi chimene chili changa pamudzi pano. Munda ndi wa akazi anga. Nyumba iyi ndamanga ine, koma yaima pamalo a kwanu. Matumba ndimasanja m'chipinda cha eni. Tsiku limene mudzatope nane, ndidzanyamula chikwama chokha kubwerera ku Phalombe. Masheyawa adzalembedwa dzina langa. Langa! Ndiye inu mukubwera ndi mafunso ngati ndili pa bwalo la milandu?"

Pamenepo sananame. Ndi mkamwini, ndipo ine ndi mwini mbumba. Ndinazindikira kuti mzere wa pafoni uja unali chongotsamira, chimene munthuyu ankafuna chinali china. Ndinayesa kunena kuti palibe amene akuwathamangitsa, koma anali atalowa kale m'nyumba. Ndinabwerera ku Chileka osadya.

M'minibasi ndinkalingalira kuti a Malunga sali okha. Masiku ano nkhani ya masheya yafika paliponse, kubanki m'khonde, pamaliro, panja pa tchalitchi mapemphero akatha. Ndipo sindikudabwa. Ndalama ukaisunga m'nyumba imasungunuka uli kuyang'ana. Amene anagula masheya ena zaka zapitazi n'kupindula amayenda monyang'wa, ndipo tonse timawaona. Kufuna kuti nawenso ulowemo si tchimo.

Chimene chimandikwiyitsa ndi aphunzitsi a pafoniwa. Amatenga chithunzi chimodzi, n'kuzunguliza mofiira, n'kulemba kuti mwayi ndi uno. Sanena kuti iwo ali ndi masheya angati a kampani yomweyo, kapena ngati akufuna wowagula. Zikavuta amangotseka gulu, n'kutsegula lina. Ndipo amene amawamvera msanga si anthu opusa ayi. Ndi anthu akhama ngati alamu anga, otopa ndi kukhala opanda chawo, amene akufunitsitsa wina awauze kuti nthawi yawo yakwana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma munthu wanjala safuna kumva za nyererezo.

Mwina masheyawo akwera. Ndikunena zoona, ndikupemphera kuti akwere, ndidzachite manyazi ine. Koma ngakhale atakwera, sizidzatanthauza kuti kuika chakudya cha ana pa mzere umodzi inali nzeru.

Lachiwiri masana foni inalira. Anali alamu, akuimba ali m'tauni, kumbuyo kukumveka mahutala. Akaunti yogulira masheya anali atatsegula kale mwakachetechete. Mawu awo anali a munthu wopambana.

"Alamu, munkati pamsika pamenepa palibe anthu. Ndangopereka oda m'mawa uno, pofika masana zonse zatheka. Mpamba wonse walowa. Ogulitsa anachita kukhala pamzere!"

Ndinakhala pansi. Pamzere? Anthu onsewo, okhala m'tauni, owerenga malipoti a kampaniyo, akuthamangira kugulitsa pamtengo umene alamu akuti ndi wotchipa. Iwowo akudziwa chiyani?

Nditangodula ndinamuimbira Felesiya. Anayankha motsitsa mawu kuti wamva kale. Tili pakati poyankhula ndinamva odi pakhomo pake, mawu a mayi wina amene ayenera kuti anayenda mtunda ndi katundu pamutu, akufunsa kuti ndowa ya chimanga akugula bwanji chaka chino.

Ndinamumva mlongo wanga akuyankha.

"Pepani mayi, pitani nacho kutsogoloko. Chaka chino kuno sitikugula."