Tsiku limene Mayi Sellina anamwa mayeso

Ku Matawale palibe amene sawadziwa Mayi Sellina, oluka zipewa za ana, amene sanaonepo mankhwala n'kuwalambalala. Mapiritsi akatsala kwa aneba iwo amapempha, ati thupi silisowa podwala.

M'chipinda chawo chakuseri mumachita lendi Chifuniro, mtsikana wa ku yunivesite wophunzira momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi. Pokonzekera mayeso, Chifuniro anatha sabata yathunthu akulumikiza nyemba zoviika, nandolo ndi timitengo ta machesi, kupanga chifanizo choti akaonetse aphunzitsi.

"Chimenechi n'chiyani, mwanangu?" anafunsa mayiwo.

"Mankhwala a malungo amaoneka chonchi mutawakulitsa kwambiri, amayi. Mbali iyi ndi imene imagwira kachilombo."

Mayi Sellina anachizungulira kawiri, akuchiyang'anitsitsa.

M'mawa wa mayeso, chifunga chisanachoke m'phiri, Chifuniro pochokera kosamba anapeza pakhonde pomwe anasiya chifanizo chija pali mbee. Mayiwo anali pampando, akuuzira msuzi wa nyemba m'kapu.

"Ndadzuka ndi litsipa, mwanangu. Usadandaule, machesiwo ndinayamba ndachotsa."

Chifuniro anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Mayeso anali teni koloko.

"Iwe, ukulirira nyemba? Tenga zandiwo ndaviikazo!"

Ndi zala zozolowera kuluka, mayiwo anachilumikizanso chonse osaona m'buku, uku akudandaula kuti choyamba chija chinali chopendama.

Chifuniro anakhoza. Mpaka lero Mayi Sellina amauza anzawo a Mvano kuti digiriyo ndi ya anthu awiri, ndipo litsipa lija, akuti, silinabwerenso.