Mawu Okanirira Pakhosi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anapita ku Mozambique kukagwira ganyu osabwerako. Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Kuti tipeze sopo ndi mchere, amayi anayamba kuphika kalongonda wogulitsa, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi ake, apo ayi zimazunguza mutu. Kuphika ankakudziwa, koma anali munthu wolankhula moyang'ana pansi, ndipo ine ndinatengera iwowo.

Ankandisenzetsa beseni kuti ndikakhale pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira yotsika kuphiri la Michesi. Anthu a nkhuni ankadutsa ndi njinga zawo, ine duu, mawu atakanirira pakhosi. Madzulo ndinkabwerera ndi beseni lodzaza. M'mawa mwake kalongonda ankayamba kununkha, amayi n'kukamutaya kudzala osandikalipira. Kusakalipako n'kumene kunkandipweteka.

Tsidya lina la njira kunkakhala mayi wina wogulitsa nthochi, a Namulewa. Ankafuula mwakuti mawu awo ankamveka mpaka kudambo, ngakhale panjira palibe munthu. Ana tinkawaopa. Tsiku lina anawoloka, naima patsogolo panga.

"Iwe, ukugulitsa kapena ukulonda maliro?"

Ndinayang'ana pansi. Anatapa kalongonda, kutafuna, n'kugwedeza mutu.

"Wapsa bwino uyu. Tamvera, usaitane njira yonse, siungathe. Sankha munthu mmodzi. Umupatse moni, udyeko iwe iye akuona, kenako umulawitse."

Patapita kanthawi panatulukira bambo wachikulire akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Ndinasankha iwowo. "Mwaswera bwanji, agogo?" Mawuwo anatuluka ang'onong'ono ngati a mwanapiye, komabe bamboyo anaima. Ndinadya, iwonso analawa, nagula. M'mawa mwake anabwera ndi mnzawo. Sabata isanathe, beseni linkabwerera lopepuka.

Nditawafotokozera amayi za a Namulewa, anasiya kutsuka mphika.

"Mayi amene uja anali wamanyazi kundiposa ine," anatero. Anandiuza kuti kale, tsiku limene napolo anatsika m'phiri, a Namulewa anali pamtunda. Anaona madzi, miyala ndi mitengo zikubwera, kamwana kawo kakusewera kumunsi pafupi ndi mtsinje. Anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Mwanayo sanapezeke.

Kuyambira pamenepo, kufuula kwawo ndinkakumva mwamtundu wina. Akati "Nthochiii!" panjira popanda munthu, nkhope inkakhala italoza kumtsinje, ine tsitsi n'kunyamuka. A Namulewa anamwalira ndili ku sekondale, ndisanawathokoze.

Lero ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yanga. Anzanga amati ndiziika zithunzi za madiresi pafoni kuti anthu ambiri aone, ndipo ndikafuna kutero manyazi aja amandibwerera. Ndiye ndimatumizira munthu mmodzi, ndi moni, kenako wina. Ndazindikira kuti manyazi satha. Munthu amangophunzira kulankhula ali nawo. Ndazindikiranso kuti mayi uja sanawoloke njira chifukwa cha kalongonda wathu. Anaona mwana ali kukamwa yasa, mawu osatuluka, ndipo sanathe kupirira kuzionanso kachiwiri.

Mitambo ikada pamwamba pa Michesi, ndimasiya makina, n'kutuluka panja kukaitana ana anga. Ndimawaitana mokuwa, aliyense ndi dzina lake, mpaka atavomera.