Ndinalumbira Bodza pa Baibulo la Mlamu Wanga

Ndinanama dzanja lili pa Baibulo, ndipo mpaka lero ndikaliyang'ana dzanja limeneli ndimachita mantha. Ndinali mkulu wa mpingo ku Kabwata mu Lusaka. Lamlungu lililonse ndine ndinkaimirira kutsogolo kuwerengera anthu malamulo khumi.

Mng'ono wanga amakhala ku Woodlands ndi mkazi wake, koma anali ndi chibwenzi ku Chelstone. Anandiuza yekha tikumwa tiyi m'tauni. Ankaseka, amvekere masiku ano mwamuna aliyense mu Lusaka ali ndi kwina kopumira, za m'Baibulo zinali za anthu oyenda pa abulu. Ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinaseka naye. Ndinadziuza kuti za m'nyumba ya eni saziika mlomo.

Loweruka lina masana mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wangayo, anatulukira kwathu. Madzi akumwa anawakana. Anatulutsa Baibulo m'chikwama n'kuliika patebulo.

"Ba mulamu, bonse baninama, koma imwe mumayopa Mulungu. Ikani kwanja apa. Mung'ono wanu ali na mukazi wina?"

Inu owerenga, ndinaliyang'ana Baibulo lija. Ndinaganiza mwachangu kuti ndi mapepala chabe awa, Mulungu amvetsa kuti ndikupulumutsa banja. Ndinaika dzanja pachikuto paja n'kulumbira kuti palibe mkazi wina.

Mlamu anausa moyo. Anandiuza kuti anali atakonza zopita kuchipatala Lolemba kukayezetsa magazi, kenako akakhale kwa makolo ake mpaka mwamuna wake akayezetsenso. Koma poti ndagwira Buku, mtima wake wakhala pansi ndipo sapitanso. Anapepesa chifukwa chokayikira m'bale wanga. Ndinamuperekeza kokwerera minibasi.

M'mawa mwake kutchalitchi, nditafika pa lamulo loletsa umboni wonama, ndinalephera kuliwerenga. Lamulolo ndinalidumpha, ndipo palibe anazindikira. Zimenezo n'zimene zinandiopsa koposa. Lolemba linakwana. Ndikanatha kumuimbira foni mlamu, koma manyazi anandimanga.

Patapita zaka ziwiri, mlamu anatenga pakati. Atapita kusikelo anamupeza ndi kachilombo, thupi litafooka kale. Mankhwala anayamba, koma anayamba mochedwa. Mwana abadwa mwezi wamawa, ndipo foni ikangolira mtima umandidumpha. Ndikuopa za mayiyo, ndikuopa za mwanayo, ndikuopanso tsiku limene ndidzaime pamaso pa Mwini wa mawu amene ndinawapeputsa.

Sabata yatha mlamu anabweranso, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anaika Baibulo lomwe lija pamalo pomwe paja.

"Buku iyi siinaname, ba mulamu. Munanama ni imwe. Isungeni."

Abale anga, tauni ikamaseka tchimo musaseke nawo. Ine ndinayamba ndi kuseka, kulumbira kunabwera pambuyo. Mawu a Mulungu satha ntchito chifukwa anthu atopa nawo, ndipo bodza limene mukuti likupulumutsa banja, wolilipira ndi wosalakwa. Wina akakufunsani zoona, muuzeni, ngakhale wolakwayo akhale wobadwa naye bere limodzi.

Udindo wanga ndakautula kwa abusa, ndipo ndawauza zonse. Baibulo lija likadali patebulo. Sindinalimbebe mtima kuligwira.