Mawu a Che Amidu M'kamwa Mwanga

Ntchito yomasulira m'khoti anandipezera ndi azakhali anga ogulitsa matemba pa Songani. Anamva kwa kasitomala kuti kukufunika munthu wodziwa Chiyao, Chinyanja ndi Chingerezi. Ine wobadwira ku Kachulu, Chiyao ndinachita kuyamwa, Chingerezi ndinali nacho cha Fomu 4. Anandiyesa n'kundilemba.

Anandiphunzitsa ntchito ndi kalaliki wamkulu, mayi wosaseka wamba. Anandionetsa poima, pakati pa woweruza ndi bokosi la mboni, ndi kalumbiritsidwe ka Baibulo ndi Kurani. Lamulo lawo linali limodzi. "Mboni ikati ine, nawenso uziti ine. Usamati akuti. Osawonjeza, osachotsa, osakometsa."

Ndinkaona ngati zophweka mpaka tsiku limene khoti loyendayenda linakakhala m'kalasi ina kufupi ndi kwathu. Mlandu unali wa mwini makoka ophera nsomba wina, bambo wa imvi zake, amene anagona ndi mtsikana wa Sitandade 6. Anali atapezeka kale wolakwa. Chotsala chinali chilango, ndipo chisanaperekedwe wolakwa amaloledwa kudandaula kuti chichepe. Iye anaitana womulankhulira. Womulankhulirayo ataimirira, ndinamuzindikira. Anali Che Amidu, amalume ake a mtsikanayo, mwini mbumba, munthu amene ndinakula ndikumugwadira popereka moni.

Analankhula m'Chiyao, modekha ngati akukamba za mvula. Ine ndinatsegula pakamwa n'kuyamba m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja kuti onse amve.

"Ine ndikupempha khoti limukhululukire. Mwana wathuyu ndi wamkulu, anavinidwa kale. Tinakhala pansi ngati banja. Bamboyu akatuluka amukwatira, nkhani ithe. Akakhalitsa kundende, makoka aima, anyamata athu adya chiyani?"

Ine ameneyo ndinali ine, Asiyatu, mawu anga enieni, pamaso pa anthu akwathu odzaza m'mawindo. Mtsikanayo anali pa benchi, atatsamira mayi ake, ndipo sankayang'ana amalume akewo. Ankayang'ana ine. Manyazi amene ndinachita sindinawaonepo. Ndinachita manyazi ndi Che Amidu, ndi mitu imene inkagwedezeka kuvomereza, ndiponso chifukwa m'mawuwo munalibe chachilendo. Ndinakula ndikuwamva pachitsime.

Povuta panali pa nkhani ya ukwati ija. Ndinafuna kuidumpha, ndingoti banja likupempha chifundo, kwathu kusanyozeke pamaso pa alendo. Woweruza sankamva Chiyao, akanadziwa bwanji? Koma kalaliki wamkulu anandiponyera diso, ndipo ndinanena zonse mmene zinalili.

Woweruza anasiya kulemba. "Bwerezani. Amukwatira?"

Ndinabwereza.

Popereka chilango woweruza anati anali ataganizira zoti bamboyo ndi wachikulire ndipo sanapalamulepo. Koma pempho la amalume lamuonetsa kuti mwanayo alibe womutchinga kwawo, ndipo wolakwayo akatuluka msanga adzampeza atamuyalira mphasa. Anamulamula kukhala kundende zaka zambiri, zoti potuluka mtsikanayo adzakhala mayi wodziyankhira yekha. Izinso ndinamasulira, m'Chiyao tsopano, ndikuti ine.

Panja Che Amidu anandidutsa osandiyankha moni. Mayi wina wogulitsa nsomba za makumba anati, "Sukulu yakupatsa mwano, wativula pagulu." Ndinangodutsa.

Ndikupita kugalimoto, mayi a mtsikana uja anandigwira chitenje. M'khoti sanatsegule pakamwa, poti mlongo wawo ndiye mwini mbumba.

"Mwanangu, zija ananena achimwene, unawauza zonse abwana aja?"

"Zonse, mayi."

"Ndi zaukwati zomwe?"

"Ndi zomwezo."

Anandisiya chitenje, n'kupuma. "Ndimaopa kuti uwabisira."

Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo manyazi aja amabwerabe ndikamamasulira zoterezi. Ndinasiya kulimbana nawo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ndikakometsa mawu kuti kwathu kusanyozeke, amene ndamutaya ndi mwana uja wa pa benchi.